Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Njira ya ku mathithi

Tafika pa zaka zimene ndinkaperekeza anthu kukaona timathithi ta m'nkhalango, maulendo onyamuka m'mawa, masana n'kukhala titabwerako. Zimene ntchitoyo inandiphunzitsa ndi mbali ya moyo wanga, choncho gawo lino ndilemba mmene ulendo wotere umayendera. Alendo ambiri amaopa njoka ndi kusochera. Koma pamene ndinkawayang'anitsitsa kwambiri ndi pa mamita 20 omaliza, madzi akuoneka kale, aliyense maso ali m'mwamba, mapazi atawaiwala.

Tiyambe ndi nthawi. William Naismith, katswiri wokwera mapiri wa ku Scotland, anapereka kawerengedwe kake mu 1892: ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, n'kuwonjezera ola lina pa mamita 600 aliwonse a chitunda. Ndiye ngati mathithi ali pa mtunda wa makilomita 3 ndipo mukwera mamita 150, ndi mphindi pafupifupi 50. Komatu iyeyo ankanena za munthu wamphamvu wosapuma panjira. M'nkhalango muli mizu, matope ndi mitengo yogwa, mwinanso muli ndi ana, ndiye onjezani theka, zikhale mphindi 75. Kupita, kukhala ola limodzi, kubwerera: maola atatu ndi theka. M'khwawa mdima umagwa msanga kunja kukadali kowala, choncho musananyamuke gwirizanani ola lotembenukira, kaya mwafika kaya simunafike. Uzaninso munthu wotsala kumene mukupita ndi nthawi yoti ayambe kukufunani, poti foni m'zigwa sigwira kawirikawiri.

Katundu si wambiri. Nsapato zikhale za mano akuya kunsi, zoti munaziyendera kale, chifukwa zatsopano zimatulutsa matuza. Masilipasi ayi. Madzi akumwa theka la lita pa ola lililonse loyenda, ndiye malita awiri akukwanirani. Ikani m'chikwama tochi, wenzulo, bandeji, malaya ouma ndi jumbo yokulungira foni. Ndodo yofika m'chifuwa ndi mwendo wachitatu, musaichite manyazi.

Mvula yoopsa ndi imene simukuiona. Pamene muli dzuwa litha kumawala, kumtunda kukuvumba, madziwo n'kusonkhana m'timakwawa tonse n'kutsikira mu mtsinje umodzi womwewo. Mukafika, sankhani mwala umodzi m'mphepete, muone pamene madzi alekezera, ndipo muziuyang'ana pafupipafupi. Madzi akayamba kuukwera, kapena akasanduka ofiirira, kapena mukaona masamba ndi tizitsotso tikuyandama tambiri, kapena mkokomo ukasintha n'kukhala wolemera, tulukani nthawi yomweyo. Kwerani chammbali pa malo okwera, osathamanga motsata mtsinje, madzi simungawapose liwiro. Chikwama chikakhala patali chisiyeni. Mphenzi ikang'anima werengani masekondi mpaka bingu limveke: masekondi atatu ndi kilomita imodzi. Akapanda kukwana 30, chokani m'madzi, ndipo musabwereremo mpaka patadutsa mphindi 30 chimvekere bingu lomaliza.

Powoloka, madzi othamanga akuya masentimita 15 okha atha kugwetsa munthu wamkulu. Akapitirira mawondo, ulendo wathera pomwepo, mudzabwera tsiku lina. Akakhala ochepa, fufuzani potakasuka, chifukwa pamene mtsinje wapanikizika ndi pamene uli wakuya ndi waukali. Yang'anani kumene madzi akuchokera, zikani ndodo kutsogolo, muziyenda chammbali, kusuntha phazi limodzi linalo litakhazikika. Lamba wa chikwama wa m'chiuno mumasule kuti mukagwa chivuke msanga. Nsapato musavule, kunyowa kuli bwino kusiyana ndi kuchekedwa. Ndipo musawolokere pamwamba pa mathithi, ngakhale madzi akhale olekeza m'akakolo.

Kuti mumvetse mamita 20 aja, dziwani mmene mathithi ambiri amapangikira. Pamwamba pamakhala thanthwe lolimba, pansi pake lofewa. Madzi akugwa amakumba lofewalo pamodzi ndi mchenga ndi timiyala, mpaka lolimba lija limatsala lili lende, kenako limathyoka n'kugwera pansi. N'chifukwa chake kuseri kwa madzi kumakhala kamphanga, m'dziwe muli miyala ikuluikulu yosaoneka, ndipo mathithi amabwerera kumtunda pang'onopang'ono zaka zikamapita. Kamphanga kaja kamakopa, koma denga lake ndi limene likudikira kugwa.

Miyala yozungulira dziwe siuma, poti nkhungu ya madzi imainyowetsa usana ndi usiku, ndiye pamamera ndere. Ndere yobiriwira aliyense amaiona. Yoopsa ndi yakuda yonyezimira, yooneka ngati mwala wongonyowa, koma yoterera ngati sopo. Pondani pa mchenga, pa timiyala, kapena pa mwala wotuwa wouma. Musadumphe kuchoka pa mwala kupita pa wina. Potsika thanthwe khalani pansi muzikhwekhwereza, manja onse ali opanda kanthu. Wofuna kujambula ayime kaye, mapazi akhazikike, kenako atulutse foni. Kubwerera chambuyo uku mukuyang'ana pa foni ndi kumene kumandiwawa mtima kwambiri, chifukwa palibe chithunzi choyenera msana wa munthu.

Pamwamba pa mathithi musapiteko n'komwe. Madzi anasalaza mlomo wa thanthwelo kwa zaka zosawerengeka, ndipo umapendekera pang'onopang'ono, mwakuti pamene mukuzindikira kuti mwayamba kutsetsereka palibe chogwira. Mamita atatu okha, pansi pali miyala, ndi okwanira kuswa mutu.

Dziwe nalo lili ndi zake. Pamene madzi akugwera pali thovu loyera. Madzi amenewo ndi osakanikirana ndi mpweya, choncho sanyamula thupi ngati madzi wamba, ndipo wodziwa kusambira amamira pamenepo. Komanso amazungulira: akagunda pansi amatuluka n'kubwereranso pamwamba kulowera ku mathithi, n'kumakokera munthu pomwe pomwepo. Sambirani chakumunsi kodekha, kosapitirira m'chiuno. Lowani pang'onopang'ono, poti madzi a m'nkhalango ndi ozizira ndipo thupi lotentha likalowa mwadzidzidzi limakoka mpweya lokha, mutu ukakhala m'madzi n'kumeza madziwo. Za kudumphira kuchokera pa thanthwe, musakhulupirire wonena kuti chaka chatha anadumpha bwinobwino. Dzinja lililonse limabweretsa zipika ndi miyala yatsopano pansi. Mnzanu akamamira musadziponyemo: gonani chafufumimba pouma, mum'patse ndodo kapena malaya. Akavulala, imbani wenzulo katatu, kupuma, katatunso. Mawu a pakamwa mkokomo umawameza.

Madziwo ndi oyera m'maso, koma simudziwa chimene chinafera kapena kukodzera kumtunda. Osamwa osawiritsa, abwate kwa mphindi imodzi yathunthu. Msundu ukakumatani, lowetsani chikhadabo pansi pa kamwa lake muukankhire chammbali, osauwotcha kapena kuuthira mchere, poti umasanzira pabalapo. Magazi amatuluka kwa kanthawi, ingotsindikani ndi bandeji. Nkhupakupa muzidzifufuza mukafika kunyumba, m'khwapa, kuseri kwa mawondo ndi m'tsitsi, ndipo muigwire pafupi ndi khungu n'kuikoka molunjika osapotokola.

Pobwerera miyendo yatopa, nsapato zanyowa, ndipo kutsika kumabinya akakolo kuposa kukwera. Fupikitsani masitepe, mawondo opinda pang'ono, ndipo mizu muziilumpha osaiponda. Njira imaoneka yachilendo mukamaiyenda chobwerera, n'chifukwa chake popita, pa mphambano iliyonse, muzicheuka n'kuloweza mtengo kapena mwala wa pamenepo. Woyenda pang'onopang'ono akhale kutsogolo, wamphamvu kumbuyo, ndipo muwerengane musanachoke pa dziwe, muwerenganenso potuluka m'nkhalango.