Momwe galaja yathu idafikira poyerekeza ma sports coupe

Galaja yathu sinayambe ngati malo oyerekezera magalimoto ayi. Tinayamba awiri, ine ndi achimwene anga, ntchito inali ya mabuleki, mashoko ndi alaimenti basi, koma tinasankha dala magalimoto othamanga a zitseko ziwiri aja, ma sports coupe, chifukwa amakaniko ambiri amawazemba. Ndipo sawazemba pachabe, ukalakwitsa pang'ono alaimenti ya BMW M4 mwini wake amva pa kona yoyamba yomweyo nkubwerera nkhope itasintha.

Nde chomwe tinkaona nchakuti pafupifupi aliyense wobwera ndi galimoto yotereyi amabweranso ndi mkangano. Uyu akuti magazini ina yaika BMW M2 pamwamba pa Toyota GR Supra, uyu akuti ayi pa YouTube ndaona Supra ikuwina, wina wagula kale Audi RS5 koma mtima suli m'malo chifukwa owunika magalimoto ambiri amati ndi yachangu inde koma siyikoma kuyendetsa ngati anzake. Mapeto ake funso limagwera ife, "inu mumaziona kunsi kwake galimotozi, zoona ndi ziti?" Achimwene ndi amene anati tisiye kuyankha funsoli titaimirira ndi sipanala m'manja, tilisandutse ntchito yeniyeni. Pamenepo mpamene panayambira mbali yachiwiri ya bizinesi yathu, kuthandiza munthu kusankha pakati pa galimoto ziwiri kapena zitatu zopikisana asanagule.

Choyamba tinayenera kuphunzira kuwerenga owunika aja bwinobwino, chifukwa ambiri mwa iwo sanama, kungoti amayeza mosiyana ndipo wowerenga sauzidwa mokwanira. Tengani nambala imene aliyense amaikonda ija, masekondi ochoka poima kufika pa liwiro lakuti. Ku America amayeza 0 mpaka 60 mph (mamailosi pa ola), ku Ulaya 0 mpaka 100 km/h yomwe ndi 62 mph, apo pasiyana kale. Kuwonjezera apo magazini ngati Car and Driver ndi MotorTrend amayamba kuwerenga nthawi galimoto itasuntha kale phazi limodzi, ngati masentimita 30, ndipo kamtunda kochepako kamadula mpaka masekondi 0.3. Munthu amabwera akulumbira kuti galimoto iyi imaposa inzake, kufufuza bwino upeza nambala imodzi waitenga ku America inayo ku Germany. Komanso nambalazi zimatuluka ndi launch control, kompyuta ikugwira kilachi ndi matayala pa msewu wouma bwino, chinthu choti pa moyo weniweni simudzachita kawirikawiri. Ine ndimakonda kwambiri muyeso wina wa Car and Driver wa 5 mpaka 60 mph, galimoto ikuyenda kale pang'onopang'ono nkuponda mafuta, chifukwa apo mpamene kuchedwa kwa turbo kumaonekera poyera.

Koma nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya matayala, ndipo ndikhalapo pang'ono. Galimoto imene atolankhani amapatsidwa imachoka kukampani itakonzedwa bwino, mabuleki atsopano, ndipo nthawi zambiri yavala matayala abwino kwambiri amene kampaniyo imagulitsa nayo. Michelin Pilot Sport Cup 2 ndi Pilot Sport 4S ndi a kampani imodzi koma si ofanana olo pang'ono, Cup 2 ikatentha pa bwalo louma imamata pansi modabwitsa, koma mvula ikagwa kapena kukazizira imafuna ulemu, ndipo imatha msanga. Nde mukaona kuti galimoto ina yaposa inzake ndi masekondi angapo ku Nürburgring Nordschleife, bwalo la mpikisano la ku Germany la makilomita 20.8 lija, kapena pa mayeso a Lightning Lap amene Car and Driver amachitira pa bwalo la Virginia International Raceway ku America, funso loyamba lizikhala lakuti inavala chiyani kumapazi. Nthawi zina chimene chawina si galimoto, ndi labala.

Tsiku lina anatibweretsera M4 kuti tiyiyendere, wofuna kugula anali atawerenga zonse, mpaka amadziwa kuti injini ndi S58, malita 3.0, ma turbo awiri, mphamvu ya mahatchi (hp) 503 pa mtundu wake wa Competition. Titaikweza pa lifiti achimwene anangondikodola osalankhula. Matayala akutsogolo anali a mtundu wina akumbuyo a mtundu wina, ndipo pambali pa tayala paja pamakhala manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chomwe linapangidwa, akumbuyowo anali okalamba moti labala inali itauma mpaka timing'alu tikuoneka m'mizere. Mafuta a mabuleki anali akuda bii. Ndinawauza bambowo kuti, "Bwana, galimoto imene munawerenga ija si imeneyi. Dzina ndi lomwelo koma iyi ikufunika ntchito kaye isanafanane ndi ya m'magazini." Anagulabe koma akudziwa chomwe akugula, ndipo titasintha matayala onse anayi ndi mafutawo anabwera kudzatiuza kuti kumbuyo kwasiya kuvina pa kona.

Pali mbali ina ya kuwunika yomwe siyezedwa ndi wotchi, ndipo kuno nkumene owunika abwino amasiyana ndi ongowerenga manambala. Alpine A110 imene inatuluka mu 2017 ili ndi kainjini ka malita 1.8, mphamvu 252 PS basi (PS ndi muyeso wa ku Ulaya wotsala pang'ono kufanana ndi hp), koma thupi lake ndi la aluminiyamu ndipo imalemera pafupifupi makilogalamu 1,100. M2 yatsopano ya 2023 ili ndi 460 PS koma imalemera pafupifupi makilogalamu 1,700. Papepala M2 yawina, palibe zokambirana. Koma magazini a ku Britain ngati Autocar ndi evo anaitamanda kwambiri A110 chifukwa cha momwe imayandamira pa msewu wa mabampu ndi momwe imamvera chiwongolero, ndipo ife akunsi kwa galimoto timaonjezera kuti kupepuka kumasunga mabuleki ndi matayala. Apa ndimagwirizana nawo ndi mtima wonse, kulemera sikubisika, mungaike mphamvu zochuluka bwanji mabuleki ndi amene amalipira.

Pa nkhani ya phokoso ndiye pena ndimagwirizana nawo pena ayi. Porsche itatulutsa 718 Cayman mu 2016 ndi injini ya masilinda anayi ya turbo m'malo mwa asanu ndi limodzi aja, owunika anadandaula kwambiri za kalilidwe kake, mpaka masilinda 6 anabwereranso pa GT4 ndi GTS 4.0. Mercedes-AMG nayo inamva zomwezo itachotsa injini ya V8, ya masilinda 8, mu C63 nkuika masilinda anayi a haibulidi, 680 PS yonseyo sinatseke pakamwa anthu chifukwa galimoto inapitirira matani awiri. Zoona phokoso ndi gawo la chisangalalo. Koma Cayman ya masilinda anayi ija imayendabe bwino zedi pa kona, injini ili pakati pomwepo, ndipo taona anthu akuikana asanaiyendetse chifukwa chongomva kuti akuti siyilira bwino. Chimodzimodzi Supra ya 2019, anthu amainyoza kuti ndi BMW yovala malaya a Toyota poti injini ndi B58 ya BMW ndipo inapangidwa ndi kampani ya Magna Steyr ku Graz ku Austria limodzi ndi Z4. Nzoona zimenezo, nanga vuto lili pati, B58 ndi imodzi mwa injini zimene ife timazilemekeza.

Nde mmene timagwirira ntchito ndi chonchi. Munthu amabwera ndi mayina a galimoto zimene zikumuzunguza mutu, ife sitiyamba ndi magazini, timayamba ndi iyeyo. Muziyenda nayo tsiku lililonse kapena kumapeto kwa sabata kokha, mukufuna giya ya pamanja kapena ayi, mukhalamo anthu angati. Kenako ngati zatheka timapeza galimoto ziwirizo tsiku limodzi, mpweya wa m'matayala tauika bwino, msewu womwewo, atsike iyi akwere iyo thupi lisanaiwale. Izi tinatengera kwa owunika omwewo, kuyerekeza kwabwino kumachitika motsatizana choncho, osati iyi lero inayo mwezi wamawa.

Mayi wina anabwera atatsimikiza kale za Cayman GT4, anali atawerenga kuti ndi imodzi mwa galimoto zokoma kwambiri kuyendetsa, ndipo nzoona. Titayenda nayo anakhala chete kanthawi kenako anati, "Achimwene, bwanji sindikusintha magiya?" GT4 ya pamanja ili ndi magiya aatali, yachiwiri yokha imapitirira 130 km/h, owunika ena analemapo zimenezi koma zimakhala m'ndime ya pakati yomwe anthu amalumpha pothamangira kuona wopambana. Kuwonjezera apo Cayman ili ndi mipando iwiri yokha ndipo iwo anali ndi mwana woti azimutenga nthawi zina. Anatsika nkukwera M2, mipando inayi, giya ya pamanja ya magiya 6, ndipo anasankha imeneyo ngakhale ine pandekha mtima unali pa Cayman.

Zovuta zilipo. Kupeza eni magalimoto ovomera kuti munthu wachilendo ayendetse galimoto yawo sikophweka, poyamba ambiri ankakana ndipo sindiwaimba mlandu, inshulansi nayonso inatitengera nthawi kuti ilongosoke. Ogulitsa ena anabwera kudzatinong'oneza kuti tikakankhira makasitomala kwa iwo atipatsa kangachepe, tinakana ndipo timakanabe, amene amatilipira ndi wogula yekha. Zinatichedwetsa kukula koma makasitomala ambiri amene tili nawo pano anatumizidwa ndi anzawo.

Panopa ntchito ikusintha chifukwa magalimoto amtunduwu akuchepa. Audi TT inasiya kupangidwa mu 2023, Chevrolet Camaro inathera pa ya 2024 kusiya Ford Mustang ikulira V8 yake popanda mdani wake wakale, ndipo C63 yatsopano ilibenso ya zitseko ziwiri. Nde ambiri amene akubwera akuyerekeza galimoto zoyendapo kale, C63 S Coupe ya V8 ndi M4 yakale, kapena Supra ndi Cayman za zaka zingapo, ndipo ziwunikiro zomwe ali nazo m'foni zinalembedwa galimotozo zili zatsopano. Mwezi uno tikuonjezera lifiti yachiwiri kuti tiziimika ziwiri zonse m'mwamba nthawi imodzi, kasitomala aziyenda kunsi kwake ndi tochi limodzi nafe asanagwire chiwongolero.