Lolemba limene linacha madzulo

Lamulungu lina m'nyengo ya chiperoni, nditabwerako kutchalitchi, ndinakhwasula nsima ya nyemba mpaka mimba kuti ndi. Ndinati ndingotsamira pang'ono.

Potsegula maso, kunja kuli mbuu, chifunga chitaphimba phiri la Ndirande, tambala wa aneba akulira. Magetsi anali atathima, foni nayo itazima. Mtima unangoti myuu: Lolemba, ndachedwa kuntchito!

Ndinadzithira madzi ozizira mano akugundana, n'kumanga tayi, chikwama m'manja, liwiro. Panjira ndinkapatsa anthu moni mwaulemu wonse.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

Mayi wootcha mbatata anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutayi. "Taswera bwino, bambo, kaya inu?"

Ndinawamvera chisoni kuti ukalamba wayamba kuwalowa.

Mu minibasi ndi momwe ndinaona kuti kunja kukunka kuda m'malo moyera. Ndinafunsa nthawi, kondakitala n'kuti 6 koloko.

"Ya m'mawa?"

Dalaivala anachita kuima pambali kuti aseke bwino. Ndalama sanandibwezere.

Kunyumba ndinapeza mayi a ana atabwerako kokaona odwala, ali ndi mwana wa mlongo wanga amene akuphunzira za udokotala. Mnyamatayu anayesetsa kundipulumutsa.

"Amalume, si misala ayi. Mu ubongo, pamwamba pomwe mitsempha ya maso imapingasana, muli kagulu ka maselo kogwira ntchito ya wotchi, ndipo kamadalira kuwala kuti kasataye nthawi. Komanso munthu ukadzidzimuka pakati pa tulo tofa nato, mbali yoganiza ija imachedwa kudzuka. Ndiye mwaona kuwala kwa chisisira, ubongo n'kungolota kuti kwacha."

Anatiuzanso za Michel Siffre wa ku France, amene mu 1962 anakhala miyezi iwiri m'phanga, opanda dzuwa, opanda wotchi. Anzake atamuuza pa 14 September kuti nthawi yotuluka yakwana, iye ankati ndi pa 20 August. Masabata oposa atatu anamusowa osadziwa komwe alowera.

"Mzunguyo anachita kulowa m'phanga miyezi iwiri kuti asokonezeke," anatero mayi a ana akundimasula tayi. "Amalume akowa yangokwana mbale imodzi ya nyemba."

Usikuwo tulo tinakana, poti ndinali nditatimaliza masana. Tinadzandigwira tambala atalira kale, ndipo Lolemba lenilenilo ndinafika kuntchito 9 koloko, abwana ataima pakhomo akuyang'ana wotchi yawo.