Kolani chingwe musanasunthe pa kireni

Anzanga ogwira ntchito pa kireni, makina aja okwezera katundu wolemera m'mwamba, nkhani iyi ikundiwawa mumtima. Munthu wavala lamba wachitetezo bwinobwino, wamanga pachifuwa ndi m'ntchafu momwe, koma chingwe chake chikungolendewera m'chiuno osakola paliponse. Akaterereka, lambayo amuthandiza chiyani?

Kolani ngowe pamalo amene anakonzera zimenezo, makamaka pamwamba pa mutu wanu, osati pa paipi iliyonse imene mwaiona pafupi. Mukamayenda pa mkono wa kireni, chingwe chikhale cha ngowe ziwiri: kolani yachiwiri musanamasule yoyamba. Kamphindi kosinthira komweko nkoopsa zedi.

Pokwera makwerero, manja awiri ndi phazi limodzi, kapena mapazi awiri ndi dzanja limodzi, zikhale zitagwira nthawi zonse. Sipanala ndi foni zilowe m'chikwama. Girisi kapena matope a kunsapato pukutani muli pansi pomwe.

Mabwana nanunso tamverani. Lamba amene anawakhapo munthu atagwa asabwererenso pa ntchito, ngakhale akuoneka watsopano. Ndipo konzekeranitu momwe mungamutsitsire msanga wolendewera m'mwamba, chifukwa malamba akamufinya m'ntchafu magazi amaunjikana m'miyendo, ndipo atha kukomoka thandizo lisanafike.