Loweruka la mabuku atatu akale, masikono achikasu ndi jamu wa mango

Mvula inayamba m'bandakucha, ndiye tsiku lonse lathera m'khitchini ndi mabuku atatu a zophikaphika ochokera kwa anyamata ogulitsa mabuku akaunjika m'mbali mwa msewu. Awiri ndi a ku Britain, limodzi la ku America. Limodzi mwa a ku Britainwo lilibe chikuto ngakhale tsamba loyamba, choncho ntchito ya m'mawa inali yofufuza msinkhu wake moto usanayatsidwe.

Buku lopanda chaka limadziulula lokha. Mtengo ukalembedwa m'mashiling'i, monga 3/6, ndiye kuti linatuluka chisanafike chaka cha 1971, pamene Britain anasiya ndalama zimenezo. Ndi chaka chomwecho ife kuno tinayamba kwacha ndi tambala. Chidindo cha sitolo kapena sukulu chotchula Nyasaland chikutanthauza kuti bukulo linafika kuno 1964 isanathe. Lopanda chikutoli ladziulula ndi mazira: pafupifupi keke iliyonse ikufuna mazira a ufa, sipuni yaikulu imodzi ya ufawo ndi masipuni awiri a madzi m'malo mwa dzira limodzi. Amenewo ndi maphikidwe a nthawi ya nkhondo yachiwiri ndi zaka zotsatira, pamene chakudya ku Britain chinkagulidwa mwa muyezo mpaka 1954. N'chifukwa chake shuga ndi mafuta m'bukuli n'zoumira. Wophika lero angochotsa ufawo ndi madzi ake omwe, n'kuswa dzira lenileni.

Kenako miyezo, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amagwa. Pint ya ku Britain ndi mamililita 568, ya ku America ndi 473. Dzina limodzi, kusiyana pafupifupi mamililita 100, kokwanira kusandutsa mtanda kukhala phala. Gill ya m'mabuku a ku Britain ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a pint, mamililita 142. Breakfast cup ndi theka la pint, pafupifupi 285, pomwe kapu ya ku America ndi pafupifupi 240. Ounce ndi magalamu 28, paundi ndi 454. Dessertspoon ndi masipuni awiri a tiyi. Manambala amenewa ndawalemba pakapepala n'kukalowetsa kumayambiriro kwa buku lililonse, chifukwa manja akakhala mu ufa palibe amene amakumbukira.

Sipuni nayo ili ndi msampha wake. Mabuku ambiri akale a ku Britain akati sipuni ya zouma amatanthauza yotumphuka, yokhala ndi kamulu pamwamba kofanana ndi zomwe zili m'kati, pokhapokha atanena kuti yosalaza. Amafotokoza zimenezi m'mawu oyamba, tsamba lomwe aliyense amalidumpha pothamangira makeke. A ku America amasalaza nthawi zonse.

Cha m'ma 10 koloko tinayesa masikono. Si masikono athu a yisiti a kugolosale aja, koma ang'onoang'ono a ku Britain ofufumitsa ndi soda. Buku likuti: fulawa ma ounce 8, batala ma ounce 2, shuga ounce imodzi, theka la sipuni ya tiyi ya soda, sipuni imodzi ya cream of tartar, kamchere, ndi gill ya mkaka. M'miyezo ya lero ndi fulawa magalamu 225, batala kapena majarini 55, shuga 28, mkaka mamililita 142. Cream of tartar, ufa woyera wowawasa, sapezeka wamba, ndiye m'malo mwa mkaka tinathira chambiko, poti nachonso n'chowawasa, ndipo soda inalowa theka la sipuni yotumphuka monga mawu oyamba akunenera.

Anatuluka achikasu ngati munathiridwa mazira anayi, m'kati muli timadontho tofiirira, fungo la sopo likumveka patali. Kulawa, kukhambitsa lilime.

Chifukwa chake n'chosavuta. Soda payokha safufumitsa bwino, imafuna chowawasa choti ilimbane nacho kuti patuluke mpweya. Theka la sipuni yosalaza ya soda limafuna mkaka wowawasa pafupifupi mamililita 250. Ife tinali ndi 142 basi, soda n'kukhala yotumphuka pamwamba pake. Yotsala yosapeza mnzake ndi imene imapereka chikasu ndi kukoma kwa sopo. Cream of tartar ija sinali yokongoletsa, ndi imene inkameza soda yonseyo, magawo awiri pa gawo limodzi la soda. Kusakaniza kumeneku ndiye baking powder amene, yemwe Alfred Bird anapanga ku Birmingham mu 1843, koma amayi ambiri anapitiriza kusakaniza okha kwa zaka zambirimbiri, n'chifukwa chake mabuku amazitchula padera.

Ulendo wachiwiri zinayenda. Fulawa magalamu 225, soda kota ya sipuni ya tiyi yosalaza, baking powder masipuni awiri osalaza, zonse zosefera pamodzi kawiri. Majarini wozizira anafikisidwa ndi nsonga za zala mpaka ufa unaoneka ngati mgaiwa wa misere. Chambiko mamililita 150 chinathiridwa kamodzi, n'kusakaniza ndi mpeni, osati kukanda ngati mandasi. Kukanda kumadzutsa ulimbo wa mu tirigu, sikono n'kulimba. Mtanda unapapatizidwa ndi dzanja kufika masentimita awiri kukhuthala kwake, n'kudulidwa ndi tambula yoviika mu ufa. Tambula isapotozedwe podula: ikapotozedwa m'mbali mumamatana ndipo sikono amakwera chopendekeka. Anatuluka asanu ndi atatu, ndipo anapsa m'mphindi 12.

Za moto bukuli langoti uvuni wotentha, osapereka nambala. Mawu amenewa ali ndi manambala ake: wofatsa ndi madigiri 150 a Celsius, wapakatikati 180, wotentha 220. Pomwe palembedwa Regulo kapena gas mark, manambala a pa uvuni wa gasi, 2 ndi 150, 4 ndi 180, 7 ndi 220. Buku la ku America lili ndi 300, 350 ndi 425, amene ndi madigiri a Fahrenheit a moto womwewo.

Magetsi anazima masana, gulu lomaliza la masikono linapsera pambaula, ndipo apa buku lakale limaposa latsopano, chifukwa olemba ake ankadziwa moto wopanda nambala. Njira yawo ndi yowaza fulawa pang'ono pachitini n'kuika m'kati kwa mphindi zisanu. Ukangosintha pang'ono mtundu, moto ndi wofatsa. Ukafiira ngati kunja kwa buledi, ndi wapakatikati. Ukada ndithu, ndi wotentha, wa masikono. Pambaula timachita ngati pophika chigumu: poto wamkulu, mchenga wouma masentimita atatu pansi, chitini pamwamba pa mchengawo, chivundikiro chachitsulo chokhala ndi makala. Makala ambiri akhale pamwamba, pansi ochepa, apo ayi pansi papserera m'kati musanapse. Mchenga uyambe watentha mphindi 15 chitini chisanalowe. Kuvundukula pafupipafupi kumathawitsa moto. Kamodzi pakatha mphindi 10 n'kokwanira.

Pali china chomwe mabuku atatu onsewa sakuchidziwa n'komwe: ife timakhala pamtunda. London ili pafupifupi pa mulingo wa nyanja yamchere. Lilongwe ili pa mamita opitirira pang'ono 1,000, Dedza pafupifupi 1,600. Kumtunda mpweya supanikiza kwambiri, ndiye keke imakwera msanga isanalimbe, kenako n'kugwa pakati. Masikono amapirira, koma keke yofewa imafuna kuchotsako baking powder pang'ono, gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu ku Lilongwe kapena Blantyre, kufika kota ku Dedza, n'kuonjeza sipuni yaikulu imodzi kapena awiri a mkaka. A ku Nsanje ndi Chikwawa atha kutsata buku momwe lilili.

Nkhani ya mtundayi inaonekera bwino madzulo pa jamu. Mango ali mbwee, ndipo tinabwereka njira ya jamu wa mapichesi ya m'buku lachiwiri. Lamulo lakale ndi paundi ya shuga pa paundi ya zipatso. Kwa mango okupsa n'kutsekemera kopyola, ndiye tinaika mnofu wa mango kilogalamu imodzi, shuga magalamu 750, ndi madzi a mandimu awiri, pafupifupi mamililita 60. Mango okupsa alibe zokwanira zolimbitsira jamu, choncho gawo limodzi mwa magawo anayi linali la osapsetsa, ndipo njere za mandimu zinamangidwa m'kansalu n'kuwira nawo limodzi. Zipatso ziyambe zafewa shuga asanalowe. Shuga akalowa msanga, zidutswa zimalimba osafewanso. Asungunuke pamoto wochepa, kenako moto waukulu.

Buku likuti jamu amagwira pa 220 Fahrenheit, amene ndi madigiri 104 ndi kanthu. Zimenezo n'zoona komwe madzi amawira pa 100. Ku Lilongwe madzi amawira pakati pa 96 ndi 97, ndiye jamu amagwira cha pa 101. Wodikira 104 kuno amapeza phula lakuda lokanirira m'botolo. Mbale yozizira ndi yodalirika kuposa nambala: dontheza jamu pang'ono, dikira mphindi imodzi, kankha ndi chala. Akachita makwinya, wapsa. Wathu anachita makwinya patatha mphindi 25 akuwira mwamphamvu, ndipo anadzaza mabotolo atatu aang'ono.

Pa katsekedwe sitinamvere buku. Likuti pepala la phula pamwamba ndi pepala lina lomanga ndi ulusi. M'dzinja lathu lino chuku chimalowa pasanathe mwezi. Mabotolo a zivundikiro zachitsulo, owiritsidwa mphindi 10 ndi kudzazidwa akadali otentha, ndiwo abwino.

Mutu wina m'buku lopanda chikuto lija ndaulemba mtanda ndi pensulo, wonena zosunga nyemba zaziwisi, nsawawa ndi nyama m'mabotolo pongowawiritsa m'madzi. Umenewu usatsatidwe. Tizilombo toyambitsa botulism, matenda oopsa obwera ndi poizoni wa m'chakudya, timakula mopanda mpweya m'zakudya zosawawasa, ndipo mbewu zake sizifa ndi madzi owira. Zimafuna madigiri pafupifupi 121, omwe amapezeka mu poto wa pulesha wopangidwira ntchitoyo. Botolo loipa nthawi zina silinunkha n'komwe. Jamu ndi atchara amapulumuka chifukwa cha shuga wambiri ndi kuwawasa. Masamba ndi nyama kuli bwino kufutsa ndi kuyanika monga mwa masiku onse.

Yisiti ya m'mabukuwa ndi yaiwisi ya chibuma. Pomwe alemba ounce imodzi, ya m'timapaketi ya masiku ano ndi pafupifupi magalamu 10. Mazira nawo: pa keke mabuku ena amati yeza mazira pasikelo, ndipo batala, shuga ndi fulawa chilichonse chilemere chimodzimodzi ndi mazirawo. Njira imeneyi ndimaikonda kuposa zonse, chifukwa imagwira ntchito kaya dzira ndi laling'ono la nkhuku yachikuda kaya lalikulu la kusitolo.

Usiku unali wosamalira mabuku eni ake. La ku America lili ndi timabowo tozungulira kumsana ndi kaufa kogwa ukaligwedeza, chizindikiro chakuti muli tizilombo. Lalowa m'jumbo yomanga bwino, ndipo likhala mufiriji yozizira kwambiri kwa sabata yathunthu. Potulutsa lisatsegulidwe mpaka litafunda lokha tsiku lonse, kuti chinyezi chigwere pajumbo osati pamapepala. Lachiwiri linamatidwa selotepi kalekale, ndipo paliponse pomwe inadutsa pasiya mzera wofiirira wosachoka. Tsamba long'ambika limatidwe ndi kapepala kopyapyala ndi guluu wophika wa fulawa, wochepa kwambiri, chifukwa mphemvu zimamukonda. Timawaya tomangira timabuku tating'ono tikachita dzimbiri tichotsedwe, m'malo mwake musokedwe ulusi. Shelefu isagunde khoma ndiponso italikire pansi, chifukwa chiswe chimabwera ndi khoma, ndipo chimatha buku m'kati chikuto chikuoneka chabwinobwino.

Tsamba la masikono lakoperedwa m'kope la kukhitchini ndi miyezo yake yatsopano, ndipo m'mphepete mwa buku mwalembedwa ndi pensulo: soda kota, baking powder awiri, chambiko 150. Pamwamba pake panali kale dzanja la munthu wina, inki yabuluu yofwifwa, lomwe linafufuta mphindi 15 n'kulemba 12.