Ndege yandipitiriza kwathu

Lachisanu usiku, ku Mchinji.

Ndikulemba izi miyendo ili m'beseni la madzi ofunda, m'makutu mukadali ngati mwatsekedwa ndi thonje. Lero ndachokera ku Lusaka pa ndege, koma munthu amene ndinatsanzikana naye dzulo kuti akakwere basi ndamupeza pakhomo atasamba kale, akudya nsima ya mfutso wotendera.

Ku Lusaka ndinapita Lolemba ku msonkhano wa alimi a mtedza, wokambirana za chuku chimene chimatikanitsa mtedza wathu kumisika yakunja. Popita ndinadzera pa chipata cha m'malire cha Mwami monga mwa masiku onse. Pobwerera okonza msonkhano anati nonse ochokera ku Malawi takugulirani matikiti a ndege, mukatsikire ku Lilongwe. Ndinayesa kuwafotokozera kuti ine kwathu ndi m'malire, ku Chipata timapitako ngati kumsika, koma mayi wa zachuma anangondiyang'ana n'kunena kuti mapepala adasainidwa kale. Ndinangoti zikomo. Kunena zoona, mumtima ndinkafunanso nditalawako.

Dzina la kampani ya ndegeyo nditalitchula pafoni, kunyumba palibe anali atalimvapo. Amayi anafunsa ngati ili ya Air Malawi. Ndinawauza kuti imeneyo idatha mu 2013, m'malo mwake mudabwera ina imene idayamba kuuluka mu 2014, yomwe boma lathu lili ndi magawo 51 pa 100 alionse ndipo otsalawo ndi a Ethiopian Airlines, koma yanga si imeneyonso, ndi ina yaing'ono. Anangoti, "Yaing'ono bwanji? Ukapemphere."

Mwayi wake alamu anga anali mumzinda womwewo, akuoda zitenje ndi nsapato ku Kamwala. Dzulo madzulo anabwera pomwe ndinkagona, ananyamula chikwama changa chachikulu n'kuchiyesa m'manja, amvekere, "Alamu, ichi pasikelo ya ndege mukalira nacho. Mwaikamo miyala?" Munali kapenta, mabuku a kumsonkhano ndi mapoto awiri. Anachitenga kuti akwere nacho basi ya m'bandakucha pa depoti ya Intercity, ine n'kutsala ndi kachikwama kam'manja. Ndinawaseka kuti pamene azidzafika pa mlatho wa Luangwa ine ndidzakhala nditagona kale pamphasa kwathu. Pakamwa ndi pomwepa.

Ndinanyamuka cha m'ma 7 koloko. Bwalo la ndege la Kenneth Kaunda lili kunja kwa mzinda, ndipo nyumba yake yatsopano, imene idatsegulidwa mu 2021, ndi yonyezimira moti munthu umayenda mosamala ngati uli m'nyumba ya apongozi. Wodinda pasipoti ataona kuti ndine wa ku Malawi anasiya Chizungu. "Muyenda ku nyumba, amai?" Ndinati eya, ndikupita kwathu. Chidindo phaa, basi. Ife ndi Zambia sitifunsana viza, ngakhale wotchi susintha, nthawi ndi imodzi.

Kenako kudikira. Za kudikirako ndisatayepo nthawi, ndi mipando yolimba ndi tiyi wodula.

Atatiitana anatitengera kunja, ndipo tinadutsa ndege zikuluzikulu mpaka kukaima pa kathu. Ine m'maganizo ndinali ndi chindege chonga za pa kanema. Aka kanali ndi mapulopela awiri, imodzi phiko lililonse, ndipo masitepe ake anali owerengeka, okwera ngati ukulowa m'khola la nkhunda. Pakhomo bambo wina wamtali anachita kuwerama. Tonse okwera sitikanadzaza ngakhale theka la basi. Tisananyamuke mtsikana wothandiza anthu m'ndege anapempha amuna awiri onenepa kuti asamukire mipando ina. Wina anakwiya pang'ono, kuganiza kuti akumunyoza thupi. Bambo amene ndinakhala naye, wa ku Chipata, anandinong'oneza kuti m'ndege zing'onozing'ono kulemera kumayenera kugawidwa bwino kutsogolo ndi kumbuyo, n'chifukwa chakenso katundu amamuyeza mosanyengerera. Ndinakumbukira ngolo ya malume: ukaunjika matumba kumbuyo, goli limanyamula makosi a ng'ombe.

Bamboyu amagwira ntchito kumalo ogona alendo kufupi ndi nkhalango ya South Luangwa, ndiye ndege zoterezi ndi minibasi zake. Anati kwawo kampani ya ndege ya Proflight imatenga anthu kuchoka ku Lusaka kupita ku Mfuwe, Ndola ndi Livingstone, ndipo ambiri okwera njira ya Mfuwe ndi azungu okaona nyama. Anandifotokozeranso chifukwa chake makampani amakonda ndege za mapulopela pa maulendo aafupi: sizimwa mafuta ambiri, zimatera ngakhale pabwalo lalifupi, komanso njira ngati yathuyi ilibe anthu okwanira kudzaza chindege chachikulu tsiku lililonse. Nanga tikiti imadula chonchi bwanji, ndinafunsa. Anaseka n'kuti anthu akachepa, aliyense amasenza gawo lalikulu la mafuta, malipiro a oyendetsa ndi misonkho ya mabwalo awiri. Zinamveka, koma sizinanditonthoze. Mtengo umene unalembedwa pa tikiti yanga ndikanati ndiulipire ndekha, ndikanagulitsa matumba a mtedza angapo ndithu.

Mapulopela atayamba kuzungulira, mpando unayamba kunjenjemera ngati wa m'chigayo, phokosonso lake lomwelo. Ndinagwira lamba ndi manja onse awiri. Kandegeko kanathamanga pang'ono, mimba inatsalira pansi, ndipo Lusaka inasanduka timalata tonyezimira.

Ubwino wa ndege yaing'ono ndi woti sikwera kwambiri, dziko umaliona. Mwezi uno wa October pansi ponse ndi pofiirira, apo ndi apo utsi wa lupsa ukukwera mowongoka. Patapita kanthawi bambo uja anandigwira pamkono n'kuloza: Luangwa. Mtsinje umene pabasi timauwoloka mwaulemu, titatsika kugula nsomba zouma ndi madengu, lero unali ngati chingwe chamchenga chotayidwa m'thengo, madzi ake kamzere kochepa pakati. Msewu wa Great East ndinauona kamodzi ukukhotakhota m'mapiri, ndipo ndinaganiza za alamu ali penapake mmenemo, chikwama changa chili kunsi kwa basi.

Chakumapeto kandege kanayamba kudumphadumpha. Akuti dzuwa likatentha nthaka, mpweya wotentha umakwera n'kumakankha ndege, ndiye masana a chilimwe ndi momwemo. Madzi a m'kapu yanga anathera pa chitenje. Mayi wina kumbuyo anayamba kuitana Yesu mokweza, ndipo sindinamuseke chifukwa ine ndinkaitana chamumtima.

Ndinakhala mbali ya kumanzere, ndiye ndinakanirira pazenera kufuna kuona kwathu. Kunaoneka mzere wa mapiri chapatali, ndipo mtima unandiuza kuti ndi a Mchinji. Ndinafunafuna malire. Chigawo chimenechi ndi pamene Malawi, Zambia ndi Mozambique amakumana, koma pansi panali minda yokhayokha, mizere yogalauza kale kudikira mvula, midzi, mitengo ya mango, tinjira ta njinga. Sindinathe kuloza kuti apa ndi pathu, apa ndi pa eni. Ndi anthu omwewa amene chaka chilichonse mu August amakakumana ku Mkaika, ku Katete, pa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, kuchokera m'maiko onse atatu. Ndinkafuna ndigogode kwa woyendetsa kuti aise, nditsitseni pompano, ndikwera kabaza. Kandege kanangopitirira chakum'mawa.

Tinatera ku Lumbadzi patangotha ola limodzi ndi mphindi zingapo chinyamukireni, ulendo wa makilomita pafupifupi 600. Apo ndiye ndinavomereza kuti ndege ndi ndege.

Ulemerero unathera pomwepo. Kuchoka pa bwalo la Kamuzu kukafika m'tauni ndi mtunda, ndipo wa takisi atandiona ndikutuluka pakhomo la ofika kuchokera kunja ananditchulira mtengo wa bwana. Tinakanganapo mpaka anatsitsa. Kudepoti ndinapeza minibasi ya ku Mchinji muli anthu anayi, kondakitala akulumbira kuti tikunyamuka pompano. Tinakhala maola awiri. Titanyamuka tinaima paliponse, pa Msundwe kukweza matumba, pa Namitete kudikira munthu amene anapita kukagula chiwaya, pa Kamwendo kutsitsa njinga imene inamangidwa kumbuyo. Makilomita oposa 100 amene ndinawadumpha m'mwamba mosazindikira ndinawabweza limodzilimodzi, bondo litapanikizika ndi ndowa ya munthu wina.

Ndinafika dzuwa litalowa. Chikwama changa chinali pakhonde, ana atatsegula kale n'kupeza kapenta. Alamu anati basi inawatula ku Chipata masana, anakwera galimoto mpaka pa Mwami, ndipo chitsegulireni nyumba imodzi yodindira ziphaso za maiko onse awiri mu 2022 sachedwanso ngati kale. "Tinafika dzuwa likadalipo, alamu. Tinayesa mwina ndege yaphonya siteji." Nyumba yonse kuseka.

Amayi sanaseke nawo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anafunsa ngati ndinaiona nyumba yathu ndili kumwambako. Ndinati ndinaona mapiri okha. Anati ndiye kuti sunayang'anitsitse, chifukwa iwo cha m'ma 12 koloko anamva ndege ikudutsa, anatuluka m'khitchini n'kuima pabwalo, akukupiza chitenje.