Chipinda cha amayi, sabata lachitatu: madzi akuchokera pansi

Pulasitiki yoyesera kumene chinyontho cha m'chipinda cha amayi chikuchokera ija ndamatula. Ndinaimata pakhoma ndi selotepi mbali zonse zinayi n'kuisiya masiku awiri. Pamwamba pake panali pouma, koma mbali yoyang'ana kukhoma inali ndi madontho. Ndiye kuti chinyontho chikutuluka m'njerwa momwemo, osati mumpweya wa m'chipinda. Miyezi yonse ija ndinkapukuta nkhungu ndi Jik, iyo n'kumabwerera, ndinkangotaya sopo ndi mphamvu.

Nditazungulira kuseri mvula ikugwa ndinaona zonse. Denga la malata n'lalifupi, madzi amagwera patsinde penipeni pa khoma n'kudikha pomwepo. Kuno ku Angónia, ku Mozambique, mvula ikayamba mu Novembala imafika mpaka Malichi, ndipo njerwa zimamwa madziwo n'kumawakweza pang'onopang'ono. Mzere woyera ngati mchere umene uli m'khomamo wafika m'mawondo mwanga. Choipitsitsa n'chakuti amene anamanga anapaka penti wa mafuta mkatimo, ndiye khoma silipuma. Pentiyo wangotupa matuza, kuseri kwake kuli bii.

Loweruka ndinakumba ngalande yolowera kudimba, ndinathiramo miyala, ndipo dothi la patsinde ndinaliumba motsetsereka kuti madzi azithawa. Lamlungu ndinapala penti yense mpaka m'chiuno, nditavala masiki ndi magolovesi, zenera lili pululu. Amayi ndinawasamutsira pabalaza chifukwa ali ndi mphumu. Bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, linanena kale mu 2009 kuti nyumba za chinyontho ndi nkhungu zimakulitsa chifuwa ndi mphumu, ndipo chifuwa chawo cha usiku chija ndikuchikayikira pamenepa.

Mnzanga wina anandiuza kuti ndisakanize Jik ndi viniga kuti ikhale yamphamvu. Chonde musayerekeze, zimatulutsa mpweya wa poizoni.

Laimu ndagula kale ku Ulongwe, m'sitolo amangoti cal m'Chipwitikizi. Nkhungu simera bwino pa laimu, komanso amalola khoma kuuma. Koma sindipaka mpaka mvula itatha.

Nkhondo yatsala ndi ya zenera. Ndikatsegula m'mawa, pobwera masana ndimapeza atseka.

"Mwanawe, ukufuna ndife ndi mphepo?"

"Iyayi amayi, tsegulani ola limodzi lokha dzuwa likatuluka."

Anavomera monyinyirika. Za kulowetsa mbaula m'chipinda mu Juni sitinayambe n'komwe kukambirana, ndipo pamenepo sindigonja, utsi wa makala umapha munthu ali m'tulo. Bedi ndalisendeza kuti lisagunde khoma. Pulasitiki ndimatanso mu Meyi.