Kulowa mu mgodi wa mchere wa Wieliczka: gulani nokha tikiti

Aliyense amene akufuna kukaona mgodi wa mchere wa Wieliczka, pafupi ndi mzinda wa Kraków ku Poland, agule tikiti pa webusaiti ya mgodiwo, ndipo asankhe yekha ola lolowera komanso chilankhulo cha womuperekeza. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa kampani ina yoyendetsa alendo, mwa zimene zadzaza m'misewu ya Kraków, inandidyera ndalama pamodzi ndi tsiku lathunthu. Anandilipiritsa mtengo wokwera ponena kuti akuphatikizamo galimoto ndi malo m'gulu lolankhula Chingerezi, koma galimotoyo inabwera mochedwa, ndipo titafika pakhomo zinapezeka kuti ola lathu ladutsa kale komanso kuti tikitiyo inali ya gulu la Chipolishi. Mu mgodimu salola mlendo kuyenda yekha, ndiye malo a m'magulu a Chingerezi atatha, panalibenso chochita. Ndinaimba foni ku ofesi ya kampaniyo mpaka dzuwa kupendeka, iwo akungondiuza kuti ndidikire, ndipo ndalama zanga sanabweze mpaka lero.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti galimoto yawoyo inali yosafunika n'komwe. Sitima yochokera pa siteshoni yaikulu ya Kraków Główny imafika pa siteshoni ya Wieliczka Rynek-Kopalnia pasanathe theka la ola, ndipo kuchoka pamenepo mumangoyenda pansi pang'ono.

M'mawa mwake ndinalowa ndi tikiti yogula ndekha. Mumayamba ndi kutsika masitepe amatabwa 380 ozungulirazungulira mpaka mamita 64 pansi pa nthaka, ndipo mukasuzumira pakati pake mutu umazungulira. Njira ya alendo ndi ya makilomita pafupifupi 3.5, ili ndi masitepe pafupifupi 800, ndipo imathera pa mamita 135, ngakhale kuti mgodi wonse uli ndi magawo 9 ndipo umafika mamita 327. Valani nsapato zosaterera, mutengenso juzi, pakuti pansipo pamazizirirako chaka chonse.

Mchere wake si woyera ngati wa m'khitchini. Ndi wotuwa ngati mwala, moti sindinakhulupirire mpaka nditakhudza khoma ndi chala n'kulawa. Anthu anayamba kuukumba kuno m'zaka za m'ma 1200, ndipo m'nthawi ya Mfumu Casimir Wamkulu wa ku Poland, amene anakhazikitsa malamulo a migodiyi mu 1368, mchere unkabweretsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma cha ufumu. Kukumba kwa malonda kunatha mu 1996, koma UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inali italemba kale malowa m'kaundula wake woyamba wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 1978.

Mkwiyo wanga unayamba kuphwa nditafika m'tchalitchi cha Kinga Woyera, mamita 101 pansi pa nthaka. Guwa, pansi poponda, zithunzi za m'makoma, ngakhale timiyala tonyezimira ta nyale zolendewera kudenga, zonsezo ndi mchere. Amene anachisema ndi anthu ogwira ntchito mu mgodi momwemo, abale awiri Józef ndi Tomasz Markowski, kenako Antoni Wyrodek, amene anasema chithunzi cha Mgonero Womaliza chooneka chakuya kwambiri pamene khomalo analigoba pang'ono chabe. Nthano imati Kinga, mwana wa mfumu ya ku Hungary, anaponya mphete yake mu mgodi wa kwawo ndipo inadzapezeka m'chibuma choyamba cha mchere chimene anafukula ku Wieliczka. Apa gulu likamakukokani musafulumire kuchoka, chifukwa nyanja za pansi pa nthaka zimene zili kutsogolo ndi zokongola, koma sizifika pamenepa.

Ndibwerere pang'ono pakhomo paja: zikwama zazikulu salowa nazo, choncho zisiyeni kumene mwagona. Ndipo wina akakuimitsani pamsewu ndi kapepala kolonjeza galimoto ndi tikiti, mukaneni, mugule nokha pa webusaiti ya mgodi.

Potuluka mumakwera chikepe cha anthu a mu mgodi, chopanikiza ndiponso chamdima, chimene chimanyamula anthu ochepa nthawi imodzi, kotero mzere wake umatalika. Ulendo wonse umadya maola pafupifupi atatu, ndiye musaike ndege kapena sitima ya ulendo wautali pafupi ndi nthawi yotuluka.